Kuthandiza wachibale kusiya fodya: mbali yanu ndi iti?

Musanalankhule chilichonse ndi wachibale wanu wosuta fodya, yambani mwaona chinthu chimodzi: akadzuka m'mawa, pamapita mphindi zingati asanayatse ndudu yoyamba? Madokotala amalidalira kwambiri funso limeneli, ndipo lili pa mafunso amene katswiri wa ku Sweden, Karl Fagerström, anakonza poyeza mmene fodya wamugwirira munthu. Amene amayatsa pasanathe mphindi 30 ndiye kuti thupi lake lachezera ndi njala ya nikotini. Amene amayatsa pasanathe mphindi 5, asanasambe n'komwe m'maso, fodya wamulowerera kwambiri. Munthu wotere simungamuchiritse ndi kukalipira. Afunika dongosolo, mwinanso mankhwala, komanso nyumba imene ikumvetsa zomwe zikumuchitikira.

Nikotini, amene ena amati chikonga, amafika ku ubongo pakangopita masekondi 10 mpaka 20 munthu atakoka utsi. Kumeneko amachititsa kuti kutuluke dopamini, amene amapatsa munthu kakukondwa kochepa ndi kuphunzitsa ubongo kuti "chimene wachitachi ubwerezenso". Munthu akasuta kwa miyezi ndi zaka, timalo tolandirira nikotini mu ubongo timachuluka, ndipo tikakhala opanda kanthu timavutitsa. Vuto n'lakuti nikotini sachedwa kutha m'magazi: pakapita maola 2 okha theka lake limakhala litachoka. Ndiye mtima umayamba kusakhazikika, maganizo kubalalika, munthu n'kuyatsa ina. Akanena kuti fodya amamukhazika mtima pansi sakunama, koma nkhawa imene nduduyo yathetsa ndi yomwe inabwera chifukwa ndudu yapita ija yatha mphamvu. Zili ngati kukanda mphere: kumakoma, koma ndi kukandako kumene kukusunga kuyabwa.

Pamwamba pa njala ya thupi pali chizolowezi. Ndudu imodzi amaikoka pafupifupi ka 10. Wosuta ndudu 20 patsiku amakweza dzanja kukamwa ka 200 tsiku lililonse, ka 73,000 pachaka. Kukoka kulikonse kumamangirirana ndi chinachake: kutha kudya, kapu ya khofi, foni ikalira, nthawi yopuma kuntchito, mowa, kukangana. Pakapita zaka, zinthu zimenezi zimaitana zokha ndudu munthu asanaganize. N'chifukwa chake wina amatha miyezi itatu osasuta, thupi litaiwala kale, koma akangokhala pampando uja pamalo aja, chibaba n'kudzuka ngati sichinachokepo.

Chiwerengero chimene aliyense wa m'banja ayenera kuchidziwa ndi ichi: mwa anthu 100 amene amayesa kusiya paokha, opanda mankhwala kapena uphungu, ndi 3 mpaka 5 okha amene amafika chaka asanayambirenso, ndipo ambiri amagwa m'sabata yoyamba. Kafukufuku wa ku Ontario, Canada, wofalitsidwa mu 2016, anayerekeza kuti wosuta angayese maulendo okwana 30 asanasiyiretu. Choncho ngati amuna anu analonjeza katatu n'kulephera katatu, sikuti ndi abodza kapena ofooka. Ali pamene osuta ambiri ali.

Pakamwa panu

Chida chimene achibale amachigwiritsa ntchito kwambiri ndicho chosathandiza kwenikweni: kulongolola. Kuwerenga zotsalira za ndudu, kununkhiza malaya munthu akangolowa, kubisa paketi, kutuma ana kuti akanene kuti "adadi mukufuna kutisiya amasiye", kumuchititsa manyazi pamaso pa alendo. Zonsezi zimachokera m'chikondi ndi mantha, koma chimene zimabala ndi wosuta wobisala. Akayamba kubisala mwamutaya, chifukwa tsiku limene adzafune thandizo sadzabwera kwa munthu amene wakhala wapolisi wake. Mu 1990 akatswiri awiri a ku America, Sheldon Cohen ndi Edward Lichtenstein, anafufuza anthu osiya fodya ndi anzawo a m'banja. Anapeza kuti chimene chinkagwirizana ndi kupambana chinali kuchuluka kwa zolimbikitsa poyerekeza ndi zodzudzula. M'nyumba imene kuyamikira kunkaposa kutonza, munthu ankakhalitsa osasuta.

Pali chifukwa chinanso. Pafupifupi wosuta aliyense ali ndi mitima iwiri, wina wofuna kusiya, wina wofuna kupitiriza. Inu mukatenga mbali ya kusiya n'kuyamba kuilankhulira, iye amatsala ndi mbali inayo, ndipo amayamba kuiteteza: "agogo anasuta mpaka zaka 90", "imfa ilibe njira imodzi". Akamadzimva yekha akunena zimenezi, ndi pamene akuzikhulupirira kwambiri. Alangizi a zaumoyo anaphunzira phunziro limeneli kwa William Miller ndi Stephen Rollnick, amene anakonza njira yolankhulirana yoti zifukwa zosinthira zizichokera m'kamwa mwa mwini wakeyo. Ntchito yanu ndi kufunsa, kenako kutseka pakamwa.

Sankhani nthawi imene palibe ndudu m'manja, palibe mowa, palibe mkangano ndipo palibe anthu ena. Pemphani kaye chilolezo: "Bambo, pali nkhani ikundisowetsa mtendere, ndingalankhule nanu?" Nenani mantha anu kamodzi, osaonjezera: "Chifuwa chanu cha usiku chija chikundidetsa nkhawa." Kenako funsani zinthu zimene sangayankhe ndi inde kapena ayi. Fodya amakuthandizani chiyani? Nanga chimene simukondwera nacho pa iye n'chiyani? Ulendo uja munasiya kwa masabata awiri, chinakuthandizani n'chiyani, ndipo chinakugwetsani n'chiyani? Funso lina lothandiza n'lakuti, pa 0 mpaka 10, kusiya n'kofunika bwanji kwa inu? Akati 4, musafunse chifukwa chake sanati 9. Funsani chifukwa chake sanati 1, ndipo mudzamumva akutchula yekha zifukwa zosiyira.

Akuluakulu amakonda kunena kuti kwachedwa. Yankho lake lilipo, ndipo linachokera kwa madokotala enieniwo. Richard Doll ndi anzake anatsatira madokotala aamuna oposa 34,000 a ku Britain kuyambira 1951 mpaka 2001. Osuta moyo wonse ankafa zaka pafupifupi 10 msanga poyerekeza ndi osasuta. Amene anasiya ali ndi zaka 30 anabweza pafupifupi zaka 10 zonsezo, a zaka 40 anabweza 9, a zaka 50 anabweza 6, ndipo a zaka 60 anabwezabe 3. Zina sizidikira zaka. Mpweya wapoizoni wa carbon monoxide, umene umalanda malo a okosijeni m'magazi, umatsika kufika pabwinobwino pasanathe tsiku limodzi, ndipo pakatha chaka chiopsezo chowonjezera cha matenda a mtima chimatsika ndi theka. Koma zimenezi muzinene akafunsa kapena akatsegula khomo. Mukazikhuthula pa munthu amene sanazipemphe, zimasanduka ulaliki.

Akakana, lemekezani kukanako, muuzeni kuti tsiku limene adzafune mulipo, ndipo musabwererenso ku nkhaniyo mawa lake. Chimene muli nacho ufulu wosagonja ndi mpweya wa m'nyumba. Utsi wa fodya uli ndi zinthu zoposa 7,000, ndipo pafupifupi 70 mwa izo zimayambitsa khansa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limanena kuti anthu oposa 1 miliyoni osasuta amafa chaka chilichonse ndi utsi wa anzawo. Kwa ana, utsiwu umabweretsa chibayo, matenda a m'khutu ndi mphumu, ndipo umakweza chiopsezo cha imfa yadzidzidzi ya makanda ali m'tulo. Kutsegula zenera kapena kusutira m'chipinda china sikuthandiza. Pangano likhale lomveka ndi lofanana kwa onse, alendo omwe: fodya panja, kutali ndi khomo, ndipo m'galimoto ayi. Lamulo limeneli limagwiranso ntchito ina mwakachetechete, chifukwa limadula zingwe zomangirira ndudu ku mpando, ku wailesi ya kanema ndi ku bedi.

Ngati inunso mumasuta, thandizo lalikulu koposa limene mungapereke ndi kusiyira limodzi. Kafukufuku wa mabanja achikulire a ku England, wofalitsidwa mu 2015, anapeza kuti pamene mmodzi anasiya, pafupifupi theka la anzawo anasiyanso, koma pamene mmodzi anapitiriza kusuta, 8 okha pa 100 alionse ndi amene anasiya. Ngati simunakonzeke, musasute pamaso pake ndipo musasiye paketi kapena machesi poonekera.

Akavomera

Tsiku asankhe yekha, koma lisapitirire masabata awiri kuchokera lero, chifukwa tsiku lakutali limazirala. Lisakhale la phwando kapena la ntchito yothina. Ena amakonda kuchepetsa pang'onopang'ono, ndipo njirayi ingagwire ngati ili ndi tsiku lomalizira lodziwika. Kuchepetsa kopanda mapeto ndi msampha. Wochepetsa amakoka mwamphamvu ndi kusunga utsi nthawi yaitali kuti apeze nikotini yemweyo, ndipo kafukufuku wa mu 2018 anaonetsa kuti ndudu imodzi patsiku imasenzabe pafupifupi theka la chiopsezo cha matenda a mtima chimene ndudu 20 zimabweretsa.

M'masiku otsalawo, alembe ndudu iliyonse imene wasuta: nthawi yake, malo, amene anali naye, ndi mmene ankamvera. Masiku atatu akwanira kuonetsa ndudu zitatu kapena zinayi zimene zidzavute kwambiri, ndipo iliyonse ipezeredwe cholowa m'malo chenicheni. "Ndidzalimba mtima" si dongosolo. "Ndikatha kudya ndidzanyamuka nthawi yomweyo n'kukatsuka mano" ndi dongosolo. Madzulo a tsiku lomaliza muchotse limodzi ndudu, machesi, zoyatsira ndi mbale za phulusa, mufufuze m'matumba a majekete ndi m'galimoto, muchape zovala ndi makatani. Liwu lofunika apa ndi "limodzi". Mukataya nokha iye kulibe, mwayambitsa nkhondo. Ndipo mufunseni mwachindunji kuti akufuna muzimufunsa tsiku lililonse mmene zikuyendera kapena musamatchule n'komwe. Anthu amasiyana pamenepa, ndipo kulota n'kumene kumalakwitsa.

Mankhwala, ndi mmene anthu amawalakwitsira

Achibale ambiri amaopa mankhwala a nikotini, monga zigamba zomata pakhungu ndi chingamu, poganiza kuti ndi fodya yemweyo wavala malaya ena. Katswiri Michael Russell anafotokoza bwino mu 1976 kuti anthu amasuta chifukwa cha nikotini koma amafa ndi phula. Nikotini ndiye amamanga munthu, koma khansa ndi kuwonongeka kwa mapapo zimachokera ku utsi wa masamba oyaka. Mankhwalawa amapereka nikotini wochepa, pang'onopang'ono, wopanda utsi, kuti munthu alimbane ndi chizolowezi thupi lisakumukuwira. Amakweza mwayi wosiya ndi pafupifupi theka kapena kuposerapo pang'ono. Mu 2024 World Health Organization inatulutsa malangizo ake oyamba a chithandizo chosiyitsa fodya kwa akuluakulu, ndipo inavomereza mitundu inayi: mankhwala a nikotini, ndi mapiritsi a varenicline, bupropion ndi cytisine, makamaka akaphatikizidwa ndi uphungu.

Chigamba chomata pakhungu chimatulutsa nikotini tsiku lonse. Cha maola 24 chimabwera ndi mphamvu zitatu, mamiligalamu 21, 14 ndi 7. Wosuta ndudu zoposa 10 patsiku kawirikawiri amayamba ndi 21 kwa masabata 6, kenako 14 kwa masabata 2, n'kumaliza ndi 7 kwa masabata 2. Amamata m'mawa pakhungu louma, loyera, lopanda ubweya, monga kumtunda kwa mkono kapena pachifuwa, ndipo asinthe malo tsiku lililonse kuti khungu lisatupe. Akamalota maloto osokoneza kapena kusowa tulo, achichotse pogona.

Chingamu cha nikotini ndi chimene anthu amachilakwitsa koposa. Chimabwera cha mamiligalamu 2 ndi cha 4, ndipo cha 4 n'cha uja woyatsa ndudu pasanathe mphindi 30 atadzuka. Sachitafuna ngati chingamu wamba. Amatafuna pang'onopang'ono mpaka amve kuwawa kapena kunyerenyesa m'kamwa, n'kuchiika pakati pa tsaya ndi nkhama, kunyerenyesako kukatha n'kutafunanso, mpaka mphindi 30. Nikotini amalowera pakhungu la m'kamwa. Wotafuna mothamanga amameza malovu odzaza nikotini, n'kupeza mseru ndi kutentha pamtima, chibaba chili pomwepo, kenako n'kunena kuti mankhwalawa ndi achabe. Khofi ndi zakumwa zowawasa zimalepheretsa nikotini kulowa, choncho asamwe zimenezi mphindi 15 asanatafune komanso pamene akutafuna. M'masabata 6 oyamba afunika chimodzi pa ola limodzi kapena awiri alionse, osachepera 9 patsiku, osadikira kuti chibaba chifike pakhosi, koma osapitirira malire olembedwa pa paketi.

Kuphatikiza chigamba ndi chingamu, kapena ndi timapiritsi toyamwa, kumaposa kugwiritsa ntchito chimodzi chokha: chigamba chimagwira pansi, chingamu chimazimitsa chibaba chobwera mwadzidzidzi. Zolakwa zazikulu ndi ziwiri, kugwiritsa ntchito ochepa ndi kusiya msanga. Pa sabata yachitatu munthu amamva bwino n'kuganiza kuti wachira, osadziwa kuti akumva bwino chifukwa cha mankhwalawo. Apa ndi pamene wachibale ali ndi ntchito yeniyeni: kuonetsetsa kuti paketi yatsopano yafika yakale isanathe, mpaka masabata 8 kapena 12 akwane. Zonsezi zisungidwe kutali ndi ana, zigamba zakale zomwe, chifukwa nikotini wotsalamo ndi wokwanira kudwalitsa mwana wamng'ono.

Mapiritsi ndi nkhani ya dokotala, koma ndi bwino kudziwa mmene amayendera. Varenicline amakhala pa timalo tolandirira nikotini tija, n'kuchepetsa chibaba komanso kuchotsa kukoma kwa ndudu. Amayamba sabata imodzi tsiku losiya lisanafike, ndi mlingo wochepa umene umakwera mpaka miligalamu 1 kawiri patsiku, kwa masabata 12. Amachulukitsa mwayi wosiya kuposa kawiri. Vuto lake lodziwika ndi mseru, umene umachepa akamamwa atadya ndi madzi odzaza tambula. Kale anthu ankaopa kuti amasokoneza maganizo, koma kafukufuku wamkulu wa EAGLES wa mu 2016, wa anthu oposa 8,000, sanapeze kukwera koonekera kwa mavuto aakulu otere. Cytisine amachokera ku chomera, wakhala akugwiritsidwa ntchito kum'mawa kwa Ulaya kuyambira zaka za m'ma 1960, ndipo amamwedwa masiku 25, kusuta kukuyenera kutha pofika tsiku lachisanu. Bupropion sayenera kupatsidwa kwa munthu wa khunyu kapena amene anakomokapo mogwedezeka. Mayi woyembekezera kapena woyamwitsa, wachinyamata, ndi amene wangodwala kumene mtima asayambe mankhwala alionse, a nikotini omwe, asanaonane ndi achipatala.

Ndudu zamagetsi zimagawanitsa akatswiri. Kusanthula kwa Cochrane, bungwe limene limasonkhanitsa ndi kuunika kafukufuku wa zaumoyo, kumaonetsa kuti zokhala ndi nikotini zimathandiza ena kusiya fodya kuposa zigamba ndi chingamu, pomwe World Health Organization imachenjeza za zotsatira zake za nthawi yaitali ndi za achinyamata amene akuziyamba. Maganizo athu ndi akuti ayambe ndi mankhwala odziwika aja. Amene wasankha yamagetsi asiyiretu ndudu, chifukwa kusuta zonse ziwiri sikumuchotsa mu utsi.

Pali chinthu china chimene chimaiwalika kawirikawiri. Utsi wa fodya umafulumizitsa chiwindi kugaya mankhwala ena. Munthu akasiya, chiwindi chimabwerera pa liwiro lake, ndipo mlingo womwewo umayamba kuchuluka m'magazi. Zimenezi zimakhudza theophylline wa mphumu, clozapine ndi olanzapine a matenda a maganizo, ndipo warfarin woletsa magazi kuundana ndi insulin wa matenda a shuga angafunikenso kuunikidwa. Amene akumwa mankhwala otere auze dokotala wake asanasiye fodya.

Masabata anayi oyamba

Zizindikiro zimayamba pakangopita maola, zimafika pachimake tsiku lachiwiri ndi lachitatu, ndipo zambiri zimazirala pakati pa masabata awiri ndi anayi. Munthu wofatsa amasanduka wa mtima wapachala. Tulo timasowa, mutu sugwira, mtima umalemera, m'mimba mumadzimbidwa, njala imakula. Ena amatuluka zilonda m'kamwa. Ena amatsokomola kuposa kale, zomwe zimaopseza banja, koma kawirikawiri ndi timaubweya ta m'njira ya mpweya tikudzuka n'kuyamba kusesa makhololo. Mukadziwiratu zonsezi simudzazitenga ngati zokuchitirani dala. Nkhani zolemera za m'banja, za ndalama kapena za sukulu ya ana, zidikire ngati zingadikire. Ndipo pali chiganizo chimodzi choletsedwa, ngakhale atakupsetsani mtima chotani: "Kuli bwino mungosuta, munali munthu wabwino." Chibaba chimakhala chikudikira chilolezo chotero. Kumvetsa sikutanthauza kulolera chipongwe kapena nkhanza. Mukhoza kunena kuti mwatuluka kaye ndipo mukambirana mtima ukatsika.

Chibaba chimodzi chimatha mphindi 3 mpaka 5, asute kapena asasute. Chimakwera, n'kufika pamwamba, n'kutsika chokha. Osuta ambiri sakudziwa zimenezi chifukwa sanadikirepo kuti aone mapeto ake. Ntchito yanu panthawiyo ndi kumuolotsa mphindi zisanuzo. Mupatseni madzi ozizira amwe pang'onopang'ono, mukumbutseni chingamu, tulukani naye muyende mwandawala, mupatseni chogwira m'manja, kapena ingoyang'anani naye wotchi. Kusintha malo kumathandiza kuposa kukambirana. Si nthawi yomukumbutsa za khansa.

Khofi amuchepetse ndi theka. Chiwindi chija chinkagayanso kafeini wa mu khofi mwachangu chifukwa cha utsi, ndiye akasiya fodya makapu omwewo amamupatsa kunjenjemera, kugunda kwa mtima ndi kusowa tulo, iye n'kumaganiza kuti ndi njala ya fodya. Mowa ndi mdani wamkulu koposa. Umafooketsa chosankha, umakumbutsa ndudu, ndipo kawirikawiri umamwedwa pakati pa osuta. Mwezi woyamba ndi bwino kuusiyiratu, ndipo ngati inu mumamwa, kupuma naye limodzi ndi mphatso yoposa mawu.

Za kunenepa nenani zoona: ambiri amanenepako, ndipo pa avereji amaonjezera makilogalamu 4 mpaka 5 m'chaka choyamba, makamaka m'miyezi itatu yoyambirira, chifukwa nikotini ankapha njala ndi kufulumizitsa thupi kutentha chakudya, komanso lilime layambanso kumva kukoma. Kuipa kwa makilogalamu amenewa sikufika n'komwe pafupi ndi kuipa kwa fodya. Musamuyambitse kudzimana chakudya nthawi yomweyo, nkhondo ziwiri sizimenyedwa tsiku limodzi. Ikani zipatso ndi madzi pafupi, yendani naye madzulo, ndipo nthabwala za mimba zisiyeni.

Zizindikiro zina si za kusiya fodya ndipo zisadikire: kutsokomola magazi, kupweteka pachifuwa, kubanika, chifuwa chopitirira masabata awiri kapena atatu chobwera ndi kuonda ndi thukuta la usiku, kukhumudwa kozama kosasintha, kapena kulankhula zodzipha. Zimenezi n'zopita nazo kuchipatala. Koma kwa ambiri maganizo amayenda njira ina. Kusanthula kwa kafukufuku kofalitsidwa mu 2014 kunapeza kuti pakapita masabata 6 kapena kuposerapo, osiya amakhala ndi nkhawa ndi kukhumudwa kochepa poyerekeza ndi amene anapitiriza.

Kuyamikira kukhale kwa chinthu chooneka. "Ndinaona kuti anzanu atayatsa munachokapo" kumalemera kuposa "mukuchita bwino". Ndalama ya fodya ya tsiku lililonse iikidwe padera poonekera, ndipo mwini wake ndiye asankhe chochita nayo. Banja limakonda kusangalala sabata yoyamba n'kuiwala pa mwezi wachiwiri, pamene iye akulimbanabe payekha. Lembani penapake tsiku la mwezi umodzi, wachitatu ndi wachisanu ndi chimodzi kuti mudzalikumbuke inuyo asanakukumbutseni.

Tsiku limene mudzamve fungo

Lidzafika kwa ambiri, ndipo zimene mudzachite m'mphindi khumi zoyamba n'zofunika kuposa zonse mwachita m'mbuyomu. Alangizi amaphunzitsa lamulo lakuti ngakhale kukoka kamodzi ayi, chifukwa ndudu imodzi imadzutsa timalo tija ndipo ambiri oterereka amabwerera ku kusuta kwa tsiku ndi tsiku. Koma chimene chimasandutsa ndudu imodzi kukhala paketi kawirikawiri ndi maganizo obwera pambuyo pake: "ndalephera, ndine wachabe, basi zatha". Katswiri Alan Marlatt anafotokoza mwatsatanetsatane mmene manyazi amenewa amagwetsera anthu osiya zizolowezi. Mukafika ndi nkhope yokhumudwa ndi mawu akuti "ndinkadziwa", mwathira mafuta pa moto womwewo.

Funsani modekha kuti chinachitika n'chiyani, anali kuti, ndi ndani, ndipo nduduyo inachokera kuti. Zotsala zitayidwe nthawi yomweyo, osati mawa. Chigamba chisachotsedwe ndipo mapiritsi asasiyidwe: anthu ambiri amavula chigamba poopa kuti nikotini achuluka, pomwe kupitiriza mankhwala ndi kumene kumathandiza kuti kutererekako kuthere pa ndudu imodziyo. Masiku amene anakhala osasuta asafufutidwe ngati kuti sanakhaleko.

Akabwereratu ku kusuta, pangano la utsi panja likhalebe, koma nkhani ya kusiya ipumule masabata angapo. Mukadzaitsegulanso, muyambe ndi zimene ulendo wapitawu waphunzitsa. Ngati anagwa pa tsiku lachitatu, mankhwala anali ochepa kapena kunalibe, ndiye ulendo wotsatira chigamba chiphatikizidwe ndi chingamu kapena apemphe mapiritsi. Ngati anagwa pa sabata yachinayi atasiya mankhwala, ulendo uno awamalize, ndipo dokotala akhoza kuwatalikitsa kupitirira masabata 12. Ngati anagwa pa mowa, nkhani yoyamba kukambirana ndi ya mowawo. Ngati anagwa pa mkangano wa m'nyumba, funso lotsatira likupita kwa inu nonse awiri, ndipo mwina mlangizi kapena nambala yothandiza osiya fodya, kumene ilipo, ndiyo iyenera kusenza mbali imene inu yakulemerani.